Padenga pa Chigayo cha Che Twaibu

Tinakwera padenga pa chigayo
kukafuna mwezi, osati china.
Kusala kunali kumapeto,
milomo yathu itang'ambika ngati dothi la m'dimba,
ndipo Namwera yense ankadikira ife atatu:
ine, Shaibu wokonza mawailesi,
ndi Likaka amene anabwera ku Joni
ndi chopenyera patali chosweka diso limodzi.

Dzuwa linali litabisala kale kuseri kwa phiri,
nkhuku zitakwera m'mitengo.
Koma pamwamba penipeni,
pomwe nyenyezi sizifika msanga,
panali kanthu koyera, kozungulira,
kowala ngati mbale yokwechedwa ndi mchenga.

Sikanaphethire.
Sikanalire ngati ndege ya ku Chileka.
Kanangoti duu, kutiyang'ana.

Shaibu anati ndi setilaiti.
Likaka anaseka: setilaiti imathamanga ngati wakuba mbuzi,
iyi yaima ngati mwini munda.
Ine ndinati mwina nthanda yasokera njira,
koma nthanda ndimaidziwa,
ndaitsata zaka khumi m'kope langa la nyenyezi,
lomwe kumbuyo kwake ndimalembamo
ngongole za mchere ndi palafini.

Tinalandizana chopenyera mpaka makosi kuwawa.
Kanafiira pang'ono, ngati khala,
kenaka kanazima.
Foni ya Shaibu inalira m'thumba:
mwezi waoneka ku Katuli,
wauona ndi mwana wa sitandade folo.
Idi inatipeza padenga,
titayang'ana mbali yolakwika ya thambo.

M'mawa mwake pamsika
kanthu kaja kanali katamera mawindo.
Pofika masana munali anthu m'kati mwake,
amitu ikuluikulu, opanda makutu.
Ena anatchula anamapopa, n'kugona atapiringidza zitseko.
Abiti Jafali sanatchule kanthu.
Anangondikoka malaya n'kufunsa chapansipansi
ngati kanachokera kumwera,
komwe mwana wawo Imulani anapita zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo
osatumiza ngakhale moni.

Ndinati inde.
Sindikudziwa chifukwa chake ndinati inde.

Patapita masiku anayi
ana okasaka mbewa anakapeza m'munda wa nandolo:
chipulasitiki chachitali kuposa bwalo la mpira wa manja,
chopyapyala ngati khungu la anyezi,
zingwe zopiringizana pa chitsamba,
ndi kabokosi koyera kokhala ndi batire.
Palibe anakhudza.
Che Twaibu anachitosa ndi mtengo wa nsungwi,
chinangopuma mpweya n'kugonanso.

Kunabwera munthu wa zanyengo pa njinga yamoto,
fumbi lili mbuu m'nsidze.
Ndi chibaluni, anatero, akumwa madzi athu.
Chimakwera kupitirira mitambo, kupitirira ndege,
kukayeza mphepo ndi kuzizira.
Kumeneko dzuwa limachedwa kulowa,
n'chifukwa chake chinkawala inu muli mumdima.
Anamanga kabokosi kumbuyo kwa njinga,
pulasitiki anatisiyira.

Likaka sanatuluke m'nyumba masiku awiri.
Shaibu akuti anadziwa kale,
ngakhale ndi iye anayamba za mawindo.

Pulasitiki anatenga ndi Abiti Jafali.
Anaiyala pansi pa udzu wa denga lawo lodontha,
ndipo chaka chino mvula ya Januwale
sinanyowetse mphasa yawo.
Amauza aliyense wodutsa
kuti zinachokera kumwera.

Ine m'kope muja sindinafufute kanthu.
Pali tsiku, pali nthawi,
pali mawu akuti chinthu chosadziwika,
ndi chala cha ufa wa pachigayo pakona pa tsamba.
Pansi pake ndangowonjezera mzere umodzi
ndi bolopeni ina:
kumwamba dzuwa limachedwa kulowa.

Chaka chamawa tidzakweranso.
Ndauza Likaka kuti mmodzi wa ife
aziyang'ana kumadzulo basi,
zivute zitani.